Saka la Apongozi Pagoli

Inu ana, tabwerani kuno. Taonga, ika foniyo pansi, azungu akowo sathawa, mawa udzawapeza akuthamangabe. Wezi, usayambe kuseka ndisanatsegule pakamwa. Kuyambira m'mawa mwakhala mukukangana za magolokipa a kunja ngati muno m'nyumba mulibe golokipa. Alipo. Ndi ine ndakhala pano ndi bondo lotupali. Chaka china m'ma 1990 timu ya koleji yathu ku Chama inasewera chilimwe chonse osagonja, ndipo amene anaima pagoli ndi ambuya anu ano, Lazalo Tembo. Ngati mukuti ndikunama, kafunseni anzanga amene tinali nawo. Ambiri ali kumanda, koma njira mukuidziwa.

Ine ndinakulira m'tauni ku Chipata, ndipo ku Chama ndinapita kukaphunzira ukalipentala. Manje inu mumakwera basi m'mawa, madzulo mwafika, n'kumadandaula kuti mpando unali wolimba. Ife tinakwera lole ku Lundazi, pamwamba pa katundu wa eni sitolo. Ulendowo unatalika moti mayi wina amene tinanyamuka naye ali ndi pakati anakatsika ku Chama mwana akukwawa. Mwanayo ndinamunyamulapo ndi manja angawa.

Mukamva kuti koleji musaganize za nyumba zosanjikana. Zinali nyumba zitatu, mjigo umodzi ndi mtengo wa bwemba. Ena ankaphunzira kumanga, ena ulimi, ife matabwa. Koma kutentha kwa kuchigwa, ana inu! Mwezi wa Okutobala mthunzi wanga weniweniwu unkakana kunditsata. Ndikatuluka m'kalasi unkatsala pakhonde, tinkakumana madzulo.

Mphunzitsi wathu wa matabwa anali a Botha, munthu wamfupi wa komweko, pensulo kukhutu ngakhale kutchalitchi. Iwowo ndiwonso anali kochi. Timu ankasankha ngati akusankha mitengo yocheka. Ine anandithamangitsa kamodzi kuzungulira bwalo, ndinabwerako anzanga atasamba kale. Anatulutsa tepi m'thumba, nandiyeza kuchoka chala ichi kufika chala ichi, n'kuti, "Iwe Tembo, miyendo Mulungu anakumana, koma manja anakupatsa a anthu awiri. Ukaime apo, usamasunthe." Ndi momwe ndinakhalira golokipa.

Mpira tinali nawo umodzi. Wosoka nsapato wa pamsika anauika zigamba zochuluka moti chikopa choyambirira chinali chitapuma pantchito kalekale. Tinkaupopa ndi pampu ya njinga. Mitengo ya goli inali ya mupani, tinaipala tokha, koma ukonde panalibe. Mpira ukalowa unkangopitirira ulendo wake, wina n'kuutsatira.

Chinsinsi cha timu yathu ndikuuzani lero, poti amene akananditsutsa palibe. Kutsogolo kwanga kunkaima Yotamu Ng'uni, mwana wa mlimi wa mpunga, amene ankaphunzira zomanga. Nsapato sankazidziwa. Phazi lake linali lolimba moti minga ikamuona akubwera inkagona pansi yokha. Munthu akabwera ndi mpira, Yotamu ankamufunsa kuti, "Ukupita kuti, mbale wanga?" Munthuyo asanayankhe, mpira wapita kale, nthawi zina pamodzi ndi munthuyo. Ine kumbuyo ndinalibe chochita. Tsiku limene tinasewera ndi aphunzitsi a m'masukulu ndinapita pagoli ndi sanipepala ndi miyendo inayi ya kampando ka mayeso. Pamene wezulo yomaliza inkalira, miyendo yonse inali see, kusalala. Mayesowo ndinakhoza.

Mbiri inayamba kuyenda kuti golokipa wa ku koleji sanamwetsedwepo. Ine sindinatsutse. Munthu akakupatsa nkhuku sumufunsa kuti ndalima chiyani.

Tinamenya a kumsika, tinamenya aphunzitsi kawiri, tinapita mpaka ku Chikwa, anthu khumi ndi atatu pa njinga zisanu. Mitsinje inali itauma, mchenga wokhawokha, choncho theka la ulendo njinga zinatinyamula, theka lina tinazinyamula ife kuti pasakhale wodandaula. Kamba wathu anali malambe ndi mpunga wophika kale m'poto wa a Botha. Mpunga wa ku Chama, osati uwu wa m'mapepala mumadya manjewu wopanda ndi fungo lomwe. Uja ukautsegula panjira, anthu a mudzi wachitatu ankatuluka kudzakupatsa moni. Ku Chikwako mpira unandifika kamodzi. Ndinali ndikuyang'ana mbuzi ziwiri zikumenyana, unandiomba pakhutu ili n'kubwerera m'bwalo. Anthu anandiimbira nyimbo. Khutulo mpaka lero limasankha zomva, ambuya anu aakazi akudziwa.

Poti ndawatchula, tiyeni tifike pamene pali nkhani. Iwo nthawi imeneyo anali Esnati chabe, NyaGoma, ankagulitsa munkhoyo m'chidebe pambali pa bwalo. Pa hafu taimu ine ndinkamwa makapu anayi. Munthu amene wangoima osathamanga ludzu alitenga kuti? Esnati anazindikira, timu yonse inazindikira, ndipo a Botha anati, "Usatiphulikire pagoli iwe. Ngati uli ndi mawu, tuma ine." Ku Chama mkulu amene amakuyendera nkhani ya ukwati amamutcha thenga. Choncho a Botha anakhala kochi wanga, mphunzitsi wanga ndi thenga wanga, munthu mmodzi yemweyo.

Zinkayenda bwino mpaka ine ndinazipasula ndekha. Tsiku lina masana ndinakumana panjira ndi amake a Esnati, aNyaZimba. Ndinali nditawaonapo kamodzi chapatali. Mwana wa m'tauni, ndinati apa ndiye poonetsa kuti ndinaleredwa. Ndinawayendera chiimire, kapu kumutu, dzanja kutsogolo: "Muli bwanji, amama?"

Mayiwo anaponya mtolo wa nkhuni, nalumphira m'tchire, chitenje chawo chobiriwira kumaso. Ine poganiza kuti aona njoka, ndinawatsatira m'tchiremo kukawathandiza.

Taonga, tseka pakamwa, ntchentche zilowa. Inu manje mumajambulitsa zithunzi ndi apongozi mutakolekana mapewa. Kale kumeneko mkamwini, amene iwo amati mkweni, sankayang'anana ndi apongozi aakazi, sankagwirana nawo chanza, ndipo mawu ankadutsa mwa munthu wina. Nkhani yanga inafika pamjigo ine ndisanafike ku koleji. A Botha anayenda maulendo atatu kukapepesa, ndipo pobwera ulendo wachitatu anandikhazika pabenchi yopalira matabwa.

"Tamvera, Tembo. Ukangowaona, patuka. Vula chipewa. Njuta pansi, maso padothi, uombe m'manja pang'onopang'ono, ndipo usadzuke mpaka atadutsa. Msana usawalozetse, miyendo yako yowondayo asaione. Adada ake a mtsikana anena kuti ukachitanso kachiwiri ubwerere kwanu ukakwatire a m'tauni anzako. Sakuseka. Ine nsapato zanga zatha chifukwa cha iwe."

Mumve bwino apa, ana inu. Ndikanalakwanso kamodzi, bambo anu sakanabadwa, ndipo inu bwenzi mulibe pokhala, mulibenso dzina.

Kuyambira tsikulo ndinkanjuta ndikangoona mayi aliyense wa chitenje chobiriwira. Ndinanjutira amayi osawadziwa ambirimbiri, ena anayamba kudutsa dala kawiri.

Ndiye inafika fainolo, ife ndi anyamata a ku Kambombo, Loweruka masana pabwalo lathu. Mphotho inali chikho ndi mbuzi. Anthu anabwera pa njinga, wapansi, ena pamitengo ngati mileme. Bwalo lathulo linali ndi chilema chimodzi: njira ya kuchigayo inkadutsa kuseri kwenikweni kwa goli la kum'mawa. Ine ndinali nditafunsiratu Esnati, iye n'kuti, "Amama Loweruka amakhala kudimba kuingitsa anyani. Za mpira alibe nazo ntchito." Mtima unakhala pansi.

Hafu yoyamba tinamwetsa chimodzi. Titasinthana mbali, ine ndinapita ku goli la kum'mawa. Ndaima, manja m'chiuno, kakabudula kanga kafupi ngati ka mwana wa giredi wanu, ndinamva kumbuyo kwanga munthu akutula katundu. Fuu! Kenaka mawu a mayi: "Apa pali bwino, tikhale pompano."

Mawuwo ndinali nditawamvapo kamodzi, m'tchire muja, akukuwa. Ndinacheuka ndi diso limodzi. ANyaZimba, saka la chimanga pambali, dengu pamiyendo, ali ndi azakhali a Esnati. Sakudutsa ayi. Akhala pansi, atambasula miyendo, mapazi asanu kuchoka pamene ndaima, ndipo chimene chawayang'ana ndi msana wanga ndi zonse za m'munsi mwake.

Kutsogolo, wa ku Kambombo wina wamtali anali atamuzemba Yotamu, koyamba chaka chonse, akubwera ndi mpira yekhayekha.

Anthu amati pa nthawi ngati imeneyo munthu amaganiza zambiri. Ine sindinaganize kanthu. Miyendo inapatuka yokha. Ndinatuluka pagoli, kuvula kapu, kunjuta pambali pa mtengo, kukokera jezi mpaka kuphimba mawondo, maso padothi, n'kuyamba kuomba m'manja. Phu, phu, phu.

Wa ku Kambombo uja anaima. Anayang'ana ine, anayang'ana goli, anayang'ana refa. Anaona mayi aja, nayenso n'kuwerama pang'ono, poti anali mwana woleredwa. Kenaka anaukankha mpira ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono, ngati akupereka mbale kwa mlendo. Unandidutsa apa, ndinauona zigamba zake zonse. Chigoli choyamba kumwetsedwa chaka chonse, ndipo ine ndinachiombera m'manja.

Bwalo linagawika pakati. Amuna ankatukwana mawu amene sindingabwereze Wezi ali pano. Amayi ankaimba nthungululu: "Mkweni waulemu! Mwana wa eni wachangamuka!" A Botha anabwera akuthamanga m'mbali mwa mzere, pensulo ikugwedera.

"Tembo, imirira, chitsiru iwe!" Anaona aNyaZimba. "Ayi, khala! Khala momwemo, wachita bwino!" Anaona a ku Kambombo akuvina. "Koma imirira pang'ono!"

Munthu wa Mulungu uja anakangana yekha, kochi ndi thenga m'thupi limodzi, mpaka thukuta linatsika m'pensulo. Anathamangira kwa refa, amene anali katekisiti, kukapempha kuti chigolicho chifafanizidwe poti golokipa anali pa mwambo. Refa anati, "A Botha, buku la malamulo ndaliwerenga lonse. Za apongozi mulibe."

Wolowa m'malo mwanga panalibe, jezi ya golokipa inali imodzi ndipo mawondo anga anali m'kati mwake. Mpira unayambanso ine ndili chinjutire. Yotamu anaima pagoli ndi mapazi okha, anabweza kawiri, kachitatu anaumenya dala ndi mphamvu zake zonse. Unadutsa pamwamba pa mtengo wa bwemba n'kukagwera m'thengo kuseri kwa nyumba ya zomanga. Poti mpira unali umodzi, masewera anaima, anthu n'kupita kukaufuna. Yotamu anandiyang'ana n'kuti, "Konza za banja lako msanga, mlamu. Ndikaumenyanso uphulika."

Apa ndiye panayamba msonkhano. A Botha anagwada pakati, ine uku, amayi awiri uko. Tonse anayi tikanakwana pamphasa imodzi, koma mawu ankayenda ulendo wake wonse.

ANyaZimba anauza azakhali: "Tawafunsani a thenga, kodi uyu ndi yemwe uja amati amagwira mpira? Nanga wakhaliranji ngati nkhuku yofungatira?"

Azakhali anatembenukira kwa a Botha: "Akuti wakhaliranji ngati nkhuku yofungatira?"

A Botha kwa ine: "Akuti wakhaliranji."

Ine, maso padothi: "Muwauze kuti ndikupereka ulemu."

Mawu anabwerera njira yomweyo, a Botha, azakhali, mpaka kwa eni ake amene anali atawamva kale.

"Ulemu tauona," anatero aNyaZimba. "Koma ine ndasiya anyani akudya chimanga changa kudimba. Kuchigayo kunali kongonamizira. Chilimwe chonse pamjigo anthu akundiuza kuti mkweni wanu ndi khoma, mkweni wanu ndi khoma. Ndabwera kudzaona khomalo, ndapeza chulu."

Azakhali: "Akuti apeza chulu."

A Botha: "Wamva."

Ndinati, "Muwauze kuti ndingaime, koma ndavala kabudula."

Mayiwo sakanatha kunena kuti aime choncho, pamaso pa mudzi wonse, mwamuna wawo n'kudzamva. Kuchoka sankafuna. Ine kudzuka sindikanatha. Kuthengo kuja anthu anakuwa kuti mpira wapezeka.

Ndinamva chimanga chikukhuthulidwa m'dengu. Waa! Kenaka saka lopanda kanthu linachoka m'manja mwa aNyaZimba, kupita kwa azakhali, kwa a Botha, n'kutera pamapewa panga. Linali saka lakale lija la chiguduli, loyabwa, osati apulasitiki a manjewa.

"Avale ilo, aphimbe zimene akuti ndi miyendozo, aime chammbali asatilozetse msana. Koma asaling'ambe, ndilibe lina."

A Botha anandikulunga nalo m'chiuno ngati chitenje, n'kumanga ndi chingwe cha wezulo yawo. Linafika mpaka m'akakolo. Ndinalowa pagoli ndi timasitepe ta mkwatibwi, n'kuima chammbali, phewa limodzi ku mpira, nkhope kumtengo. Golokipa woyang'ana kumpoto mpira ukuchokera kumadzulo. Bwalo lonse linagwa ndi phwete, ndi refa yemwe wezulo inamugwa pakamwa.

Kutatsala pang'ono kuti masewera athe, Yotamu, atatopa ndi kugwira ntchito ya anthu awiri, anamufunsa wamtali uja funso lake lija mochedwa, onse awiri n'kugwa m'bokosi. Penati.

Ana inu, ine penati ndinali ndisanaionepo chiyambire. Wamtali anaika mpira pansi. Ine saka likundiyabwa ngati muli nyerere. Ndinaganiza zodumphira kumanja. Wezulo inalira, ndinadumpha, koma miyendo inali yomangidwa. Mutu unapita kumanja, miyendo inakana, ndinagwa chagada ngati chitseko chochotsedwa mahinjesi, mapazi m'mwamba, saka litatambasuka pakati pa mawondo. Wamtali uja anali atamenya pakati penipeni. Mpira unalowa m'saka, bii, n'kukhala momwemo ngati nsomba m'mono.

Ndikulumbira pa bondo langali. Ine sindinaugwire. Ndinachita kuufunafuna ndi manja kuti uli pati. Nditaupeza ndinauponyera Yotamu ndili chigonere, poopa kuti ndikadzuka msanga saka limasuka. Yotamu anaumenya kuchokera pomwepo. Golokipa wa ku Kambombo anali atagona pansi, atagwira nthiti, akulira ndi kuseka. Mpira unadunda kamodzi n'kumudumpha. Ziwiri kwa chimodzi. Refa anaimba wezulo n'kuthetsa masewera mpira usanabwezedwe.

Anzanga ananyamula Yotamu, ananyamula chikho, ena anayesa kunyamula mbuzi. Ine ndinabwerera pambali pa mtengo n'kunjutanso, poti mlandu wanga unali usanagamulidwe. Ndinali nditaima pamaso pa apongozi, ndagwa chagada pamaso pawo mapazi kumwamba. Kaya kumeneko kukhala kulakwa kwachiwiri kuja, sindinkadziwa. Esnati anali chapatali ndi chidebe chake, atagwira kapu m'mwamba osathira kanthu.

A Botha anagwadanso pamalo pawo. ANyaZimba anayamba adzikonza duku, osafulumira.

"Muwauze a thenga kuti mpira sadziwa. Lagwira ndi saka langa."

"Akuti mpira sudziwa."

"Yewo," ndinatero, kuthokoza m'chinenero chawo.

"Muwauzenso kuti ine msana wandipweteka ndi kuseka, sindingasenze. Akavale buluku, abwezere chimangachi m'saka, apite nacho kuchigayo. Chikhale chosalala, asalole kuti amuthamangitsire. Ufa abwere nawo kunyumba yekha dzuwa lisanalowe."

Anadzuka, anasiya dengu la chimanga pomwepo, napita ndi azakhali. Ine ndinayang'ana a Botha. Ndinati, "Aphunzitsi, ndiye kuti chilango?"

A Botha anachotsa pensulo kukhutu, koyamba chiwadziwireni, n'kundigogoda nayo pamphumi. "Mwana wa m'tauni iwe, udzachenjera liti? Mlendo satumidwa kuchigayo. Walowa m'nyumba."

Ndiye chikho chinazungulira boma lonse, kumsika, kumaofesi, anthu akuimba, ng'oma zikulira. Golokipa wa timu yosagonja anali pamzere wa kuchigayo, mwamuna yekha pakati pa amayi makumi awiri, aliyense akufuna kugwirako saka. Mbuzi ija anaidya ine kulibe, anandisungira khutu. Wojambula anabwera mbuziyo isanaphedwe, anajambula timu, ndipo mukadzachiona chithunzicho mudzawerenga anthu khumi ndi mbuzi.

Ufa ndinakatula dzuwa likadali pamwamba pa mitengo. A Goma, adada ake a Esnati, anautapa ndi zala, anaufikisa, n'kuuza mwana kuti anditulutsire mpando. Mvula itagwa tinakwatirana.

Apongozi angawo tinadzazolowerana patapita zaka, bambo anu atabadwa, mpaka tinkakhala khonde limodzi n'kumacheza popanda wodutsamo. Koma za mpira sanasinthe maganizo mpaka tsiku lawo lomaliza. Kukabwera alendo, ine n'kuyamba kufotokoza za chaka chimene timu ya koleji sinagonje, iwo ankandisiya ndifike pa penati, n'kukweza dzanja: "Musamumvere uyu. Golokipa ndinali ine."